Kulipirira mwana ku yunivesite m'dzina la malemu bambo anu

Achimwene, mwafunsa ngati inu ndi abale anu mungamalipirire mwana ku yunivesite pokumbukira bambo anu, amene anathawa nkhondo ya ku Mozambique ija inatha mu 1992, n'kudzakhazikika ku Dwangwa. N'zotheka ndithu. Zandikhudza pomwe mwati ndiwo ankatsogolera anthu kuumba njerwa za sukulu ya m'mudzi, chikhalirecho ena ankawatcha obwera.

Ine ndikuti musayambe ndi ana ambiri. Tengani mmodzi, koma mumufikitse kumapeto, pakuti madigiri ambiri ku LUANAR kapena ku Mzuni amatenga zaka 4. Kumusiya m'chaka chachiwiri n'kumupweteka kwambiri. Musaganizenso za fizi yokha. Ngakhale amene amalandira ngongole ya boma kudzera ku HESLGB, bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite, amavutikabe ndi chakudya, lendi ndi thiransipoti yobwerera kumudzi.

Ndalama zikhale mu akaunti yakeyake, anthu atatu azisayinira, ndipo fizi muzilipira kusukuluko mwachindunji. Posankha mwana, pitani kwa aphunzitsi aakulu a masukulu a sekondale oyendera (ma CDSS) a m'boma la Nkhotakota. Mukatenga wachibale, mudzakangana. Mbiri ya bambo muilembe papepala, kuti wolandira thandizo aliyense aziiwerenga.