Wowulutsa nkhani pa TV ku America ndi ndalama za kampeni

Achimwene, mwafunsa ngati wowulutsa nkhani pa TV ku America angapereke ndalama za kampeni. Lamulo la ku America silimuletsa kupereka ndalama kwa wandale, bola akhale nzika kapena wa green card (chilolezo chokhala m'dzikomo mokhazikika). Chomwe chimamumanga ndi malamulo a pantchito. Ndimakumbukira mu Novembala 2010, kanema ya MSNBC inaimitsa kaye wowulutsa nkhani wake Keith Olbermann atapatsa andale atatu a Democrat $2,400 aliyense osapempha chilolezo kwa mabwana. Patangotha masabata awiri, Joe Scarborough wa pa kanema yomweyo naye anakhala pansi masiku awiri chifukwa chothandiza a Republican. Kubisanso n'kovuta, chifukwa zopereka zopitirira $200 bungwe la FEC, loyang'anira ndalama za kampeni, limaziika poyera, dzina ndi komwe mumagwira ntchito komwe. Kwa ine, kukondera kwa owulutsa nkhaniwa kumamveka kale pakamwa. Ngati zikukukhudzani inuyo, muonetse loya kontilakiti yanu musanatulutse ngakhale dola imodzi.