Funsani Anti: Timano tiwiri tokha mpaka kwa dokotala?

Anti, mwana wanga ali ndi miyezi 8, wamera timano tiwiri kumunsiku, nde ku sikelo anandiuza kuti ndipite naye kwa dokotala wa mano asanakwanitse chaka koma apongozi angondiseka akuti zachizungu izo, manowa adzaguluka omwewa. Komanso akutsegula m'mimba lero tsiku lachitatu, iwo akuti ndi mano omwewo. Nditani ine?
Mayi wa ku Chibavi, Mzuzu

Achemwali, tiyambe ndi m'mimbamo chifukwa ndiye zachangu. Mano satsegulitsa m'mimba ayi. Chimachitika nchoti nkhama zikamayabwa mwana amangotola chilichonse nkuika mkamwa, silipasi, makiyi, chitsekero cha botolo chomwe chagona pansi, nde tizilombo timalowera pomwepo. Musiyeni aziyamwa pafupipafupi, mpatseni Thanzi ORS ndipo thamangani naye ku chipatala cha Mapale lero lomwe, osadikira kuti dzino limere kaye.

Za kugulukazo apongozi sakunama, koma funsani kuti liti. Mano oyambawa amakwana 20 pofika zaka zitatu, amayamba kuguluka pa zaka 6 ndipo akumatsagwada aja amakhala mpaka zaka 10 kapena 12, nde tangoganizani mwana kukhala ndi dzino lobowoka zaka zonsezo, usiku osagona, chimanga chootcha kumangochiyang'ana. Likazulidwa msanga anzake amasendera pamalopo, lachikulu pobwera limasowa pomera nkupindika.

Ulendo woyambawo musaope, palibe jakisoni. Mwana amakhala pamiyendo panu pomwepo, adokotala amakweza mlomo kuona ngati pali timawanga toyera ngati choko mphepete mwa nkhama, ndiko kuyamba kuola kumeneko. Alira inde, koma bola akalira kamwa ndiye latseguka! Mbali ya mano iliko ku Mzuzu Central Hospital ku Luwinga, funsani ku sikelo akuuzani poyambira.

Kunyumba gulani kamswachi kofewa, mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride muziika pang'ono ngati kambewu kampunga, mmawa ndi pogona. Ndipo ndikudziwa kuzizira kwa Mzuzu kuno timakonda kumwetsa ana tiyi wa shuga wambiri, ena mpaka Sobo m'botolo mwana nkugona nalo mkamwa, zimenezo ndiye zimamaliza mano akutsogolo. Supuni yake ya phala isamayambe yalowa mkamwa mwanu, kumutafunira chakudya nakonso ayi. Apongoziwo mupite nawo limodzi akamve okha, inu mukawauza ayesa mwano.