Droni ikusokoneza manambala a magnetometer

FUNSO: Akonzi, timafufuza miyala ya pansi ku Great Dyke, mzere wautali wa miyala ya migodi ku Zimbabwe, ndi droni, koma manambala a magnetometer, chipangizo choyezera mphamvu ya maginito, amadumphadumpha droniyo ikangokhota. Chalakwika n'chiyani?
Wowerenga wanu, Mufakose, Harare

YANKHO: Bambo, gwero la vutoli ndi droni yomweyo. M'mamota ake muli maginito, ndipo mawaya a batire nawo amatulutsa mphamvu ya maginito magetsi akamadutsa. Mamota akathamanga kwambiri pokhota, chisokonezo chimakula.

Mankhwala oyamba ndi mtunda. Lendewetsani magnetometer pa chingwe cha nayiloni, mamita 3 mpaka 5 pansi pa droni. Mukawirikiza mtundawo kawiri, chisokonezo cha mota chimatsika pafupifupi kasanu ndi katatu. Koma chingwe chachitali chimapendeka ndi mphepo, choncho ulutsani pang'onopang'ono, ndipo manambala a pokhota atayeni. Musawadandaule.

Pa chomangira magnetometer chotsani kachitsulo kalikonse. Kasikuluu kamodzi kangakuwonongereni ntchito ya tsiku lonse. Ikani ta pulasitiki kapena ta brass (chitsulo chachikasu chosakokedwa ndi maginito), ndipo kalikonse muzikayesa ndi maginito musanamange. Mawaya awiri a batire apotani pamodzi kuti mphamvu zawo zizifafanizana.

Dutsani mzere umodzi kupita ndi kubwerera. Kusiyana kwa manambala kukuonetsani cholakwika chobwera ndi kumene droni yaloza.

Magnetometer yachiwiri ikhale pansi, kutali ndi galimoto, mpanda wa waya ndi mawaya a magetsi. Maginito a dziko amasintha dzuwa likamayenda, ndiye zimene yapansiyo yalemba muzichotsa pa manambala a m'mwamba, mawotchi a zida zonse ziwiri atagwirizana ndi GPS.