Vuto lanu ndi rand(), koma samalaninso ndi mwayi wa midzi ikuluikulu

Achimwene, mwanena kuti mukusankha midzi ya ku Chadiza ndi Katete ku Zambia pa kafukufuku wa alimi a nsawa, ndipo mukufuna kuti mudzi wa mabanja ambiri ukhale ndi mwayi waukulu wosankhidwa. R, pulogalamu yowerengera manambala, inkachedwa, ndiye mwalemba m'chinenero cha C++ kudzera mu Rcpp (yolumikiza C++ ndi R) pogwiritsa ntchito rand(), koma tsopano set.seed(), yochititsa kuti manambala a mwamwayi azituluka omwewo mukabwereza, sakugwiranso ntchito.

Chotsani rand(). Iyo, pamodzi ndi std::mt19937 (njira inanso ya C++ yotulutsira manambala a mwamwayi), ili ndi seed yakeyake, nambala yoyambira, imene R saiona. Gwiritsani ntchito R::unif_rand() kapena Rcpp::sample(). Mukalemba // [[Rcpp::export]] pamwamba pa function yanu, Rcpp imaikamo yokha RNGScope, yolumikiza function yanu ndi manambala a mwamwayi a R, ndipo manambala anu amatsatira seed ya R. Ingokumbukirani kuti C++ imayamba kuwerenga pa 0, pamene Rcpp::sample(n, ...) imabweza manambala oyambira pa 1.

Za liwiro: mudzi ukamaloledwa kusankhidwa kawiri, sample() ya R imagwiritsa kale njira ya alias ya Walker, yosankha mofulumira pogwiritsa ntchito tebulo la mwayi, zinthu zikaposa 200. Imachedwa chifukwa tebulolo imalimanga nthawi iliyonse mukaiitana, ndiye limangeni kamodzi kunja kwa loop. Ngati simukufuna kubwereza mudzi, njira ya Efraimidis ndi Spirakis ya 2006 ndi yosavuta: mudzi uliwonse upatseni nambala ya R::exp_rand() yogawidwa ndi chiwerengero cha mabanja ake, kenako tengani midzi ya manambala ochepetsetsa. Package ya wrswoR ili nayo kale.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti pa replace = FALSE (kusankha kosabwereza mudzi), mwayi umene mwaika pa prob mu sample() umalondola pa mudzi woyamba kusankhidwa wokha. Ukachoka, mwayi wa yotsalayo umasintha, ndipo mwayi weniweni wolowa m'kafukufuku sufanananso ndi kukula kwa mudzi. Midzi ikuluikulu imalandira mwayi wochepa kuposa umene mukuganiza. Mukawerengera zokolola za boma lonse ndi ma weight (manambala osonyeza kuti mudzi wosankhidwa ukuimira midzi ingati) olakwika, lipoti lanu lisocheretsa anthu amene adzagawe mbewu ndi feteleza.

Choncho C++ ikhale yoyesera njira zanu kambirimbiri. Posankha midzi imene mudzapiteko, tengani package ya sampling: inclusionprobabilities() iwerengere mwayi wa mudzi uliwonse, UPsystematic() isankhe. Mudzi waukulu kwambiri mwayi wake umafika pa 1 ndipo umalowa ndithu. Sungani mwayi wa mudzi uliwonse m'fayilo limodzi ndi seed, chifukwa ma weight anu adzachokera pamenepo.