Andiitana ku intavyu ya za netiweki, ndikonzekere bwanji za DNS?

Funso: Ndamaliza dipuloma ya ICT ndipo kampani ina ku Blantyre yandiitana ku intavyu. Ndamva kuti amafunsa kwambiri za kakonzedwe ka maseva a DNS, a mkati mwa ofesi ndi oonekera pa intaneti. Kusukulu tinangophunzira kuti DNS imasandutsa dzina kukhala adiresi ya IP. Makolo anga akufuna andilipirire kaye satifiketi. Nditani?

Yankho: Mchemwali wanga, zimene munaphunzirazo n'zoona, koma pa intavyu sizikakufikitsani patali. Wofunsayo akufuna kudziwa ngati angakusiyireni makiyi a chipinda cha maseva, iye n'kukagona tulo tabwino.

Gwiritsitsani ichi: ntchito za DNS zilipo ziwiri. Seva ya authoritative imasunga mayina a kampani n'kumayankha dziko lonse za webusaiti ndi imelo. Resolver ndiyo imafufuzira makompyuta a mu ofesi mayankho kunja. Ziwirizi musaziunjike pa makina amodzi oonekera pa intaneti. Resolver ikangosiyidwa poyera, achiwembu amaitumizira kafunso kakang'ono monamizira adiresi ya munthu wina, iyo n'kumukhuthulira mayankho aakuluakulu mpaka laini yake kudzaza. Mu BIND, pulogalamu yoyendetsera seva ya DNS, mzere wa allow-recursion, umene umatchula ololedwa kugwiritsa ntchito resolver, uzikhala ndi maadiresi a mu ofesi okha.

Mayina a mkati, monga a printa ndi a seva ya malipiro, pamodzi ndi maadiresi ake oyamba ndi 10 kapena 192.168, asapezeke mu zone yapoyera, ndiye kuti mndandanda wa mayina umene seva imaonetsa dziko lonse. Kutero n'kuonetsa wodutsa m'njira pamene pali chipinda chilichonse cha nyumba yanu. Potcha mayinawa, dulani kagawo pansi pa dzina limene kampani inalembetsa kale. Pewani .local chifukwa inasungidwira multicast DNS, njira imene makina oyandikana amapezerana mayina popanda seva, ndipo imasokoneza makina ena. Mukatchulanso kuti mu 2024 ICANN, bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti, inapatula .internal kuti izigwira ntchito za mkati, aona kuti mumatsata nkhani.

Pali chizolowezi china chimene chimandidetsa nkhawa. Intaneti ikangochedwa, wina amathamangira kulemba 8.8.8.8, adiresi ya resolver ya Google, pa kompyuta ya mu ofesi. Ngati ofesiyo ili pa Active Directory, dongosolo la Microsoft loyang'anira makompyuta ndi maakaunti a antchito, mawa lake akalaliki ayamba kudandaula kuti mafayilo sakutseguka, poti Google sidziwa mayina a m'nyumba mwanu. Makompyuta onse aloze ku maseva a mkati, maseva a mkatiwo ndiwo azifunsa kunja.

Maseva apoyera akhale awiri kapena kuposerapo, m'malo osiyana ndi pa netiweki zosiyana. Kuno magetsi akathima, jenereta n'kukana kulira, ndiye onse awiri ali m'chipinda chimodzi, imelo ya kampani imaima. Ngakhale Facebook inasowa pa intaneti pafupifupi maola 6 pa 4 October 2021, maseva ake a DNS atasiya kufikirika. Zone transfer, kapena kuti kukopera zone yonse, iloledwe kwa seva yanu yachiwiri yokha, ndi kiyi yachinsinsi ya TSIG yotsimikizira kuti wopemphayo ndi sevayo. Pa firewall tsegulani port 53 ya UDP ndi ya TCP yomwe. Ambiri amaiwala TCP. Musanasamutse webusaiti tsitsani TTL, nthawi imene ma resolver amasunga yankho, kudakali nthawi, ndipo mukasintha zone kwezani serial ya SOA, nambala yosonyeza kuti zone yasintha, apo ayi seva yachiwiri ipitiriza kuyankha zakale.

Zonsezi kuziloweza sikuthandiza. Tengani laputopu, ikani VirtualBox, pulogalamu yopangira makompyuta ongoyerekeza mkati mwa laputopu, pangani makina atatu a Ubuntu kapena Debian: awiri a authoritative, amodzi a resolver ya pulogalamu ya Unbound. Funsani maseva mafunso ndi kapulogalamu ka dig, muziwerenga yankho mzere ndi mzere. Kenako onongani dala. Chotsani kadontho kakumapeto kwa dzina mu zone, muone mmene BIND ikumatira dzina la domain kawiri. Zimitsani seva yoyamba, muone ngati yachiwiri ikuyankha. Lembani m'kope chimene chinachitika ndi mmene munachikonzera, kopelo mupite nalo ku intavyu.

Kwa inu makolo, maganizo anu ndi abwino. Satifiketi za netiweki monga CCNA kapena CompTIA Network+ zimathandiza ndithu pofuna ntchito, koma zimafuna miyezi ndi ndalama zambiri, pamene intavyu yayandikira. Pakadali pano mugulireni mwanayu bandulo yokwanira, ndipo ngati laputopu yake ikulemedwa ndi makina atatuwo, muonjezereni RAM. Satifiketiyo adzalembe atayamba ntchito, mwinanso abwana ake adzathandizapo pa malipiro ake.