Droni yatsopano yafika ndi zilema: mubweze kapena muulutse?

Wowerenga wina wa ku Salima watumiza imelo, ndipo ndaifupikitsa motere. Anaitanitsa droni yaing'ono ya kamera, ya magalamu 249 yopinda miyendo, kudzera mwa munthu wooda katundu kunja. Cholinga chake n'choti azijambulira maukwati, zinkhoswe ndi malo ogona alendo ku Senga Bay. Atatsegula bokosi wapeza zinthu zisanu: kamzere konga tsitsi pamsana pa droniyo, kukandika pang'ono kumimba, mpata mbali imodzi pamene chivindikiro cha pamwamba chimakumana ndi cha pansi, kabanga koyera pafupi ndi popindikira mwendo wakutsogolo, ndi pulopela imodzi yobenthuka kunsonga. Wogulitsa akuti zimabwera choncho. Wowerengayo akufunsa ngati abweze kapena angoyamba ntchito.

Achimwene, pa zisanuzo ziwiri zisakusowetseni tulo, chimodzi mungosintha nokha lero lomwe, china chikufunika kuyeza, ndipo kabanga koyerako ndi kamene kangabwezetse droni yonse. Chilema cha pa droni timachiweruza ndi malo amene chakhala. Kukandika kwakukulu pamsana kulibe mlandu, pomwe kamng'alu kosaoneka bwino pa mwendo kakhoza kukugwetserani ndalama zonse m'nyanja. Ndilankhula motengera ma Mini, droni zing'onozing'ono za kampani ya DJI, chifukwa ndiwo afala pa kukula kumeneku.

Musanachite chilichonse, musailumikize kaye ku foni. Droni ya DJI ikamalumikizidwa koyamba ndi pulogalamu ya DJI Fly imapempha activation, kutanthauza kuilembetsa pa intaneti kuti iyambe kugwira ntchito, ndipo tsikulo limalembedwa. Kuchokera pamenepo wogulitsa aliyense amaitenga ngati yogwiritsidwa kale ntchito, ndipo kukanda kulikonse adzanena kuti mwakanda ndinu. Choncho yambani ndi zithunzi. Jambulani bokosi mbali zonse, makamaka m'makona ngati muli mophwanyika, nambala ya droni yolembedwa pabokosi, nambala ya mkati molowa batire, kenako chilema chilichonse. Jambulani pa kuwala kwa dzuwa koma pamthunzi, tochi ya foni ina ikuwalitsa cham'mbali, chifukwa kuwala kochokera kutsogolo kumabisa zokanda. Pambali pa chilemacho ikani ndalama yachitsulo kuti kukula kwake kudziwike. Zithunzizo mutumizireni wogulitsa pa WhatsApp tsiku lomwelo. Zokambirana pakamwa zimauluka ndi mphepo.

Tiyambe ndi zopepuka. Chigoba cha droni chimapangidwa pothira pulasitiki wosungunuka m'chikombole chachitsulo, monga momwe woumba njerwa amaponyera dothi m'chikombole chake. Pamene mbali ziwiri za chikombolecho zinakumana pamatsala mzere wowongoka. Pamene pulasitiki analowera pamatsala kadontho, ndipo pamene mitsinje iwiri ya pulasitiki inakumana ikuzizira pamaoneka kamzere konga tsitsi, kawirikawiri pafupi ndi bowo. Yendetsanipo chikhadabo. Chikadutsa osakodwa, ndi chizindikiro cha chikombole basi, ndipo apa wogulitsa wanena zoona. Chikakodwa, dinikizani pang'ono mbali zonse ziwiri za mzerewo mukuunika ndi tochi. Mng'alu umatseguka n'kutsekeka, mzere wa chikombole sumasuntha.

Kukandika kwa kumimba n'kosadetsa nkhawa ngati sikunakhudze timagalasi ta pansi. Kumimbako kuli maso a droni: kamera yaing'ono yoyang'ana pansi ndi timawindo ta infrared toyezera kutalika kwake kuchokera pansi. Ndi zimene zimaithandiza kuima malo amodzi ndi kutera mofatsa. Pulasitiki wozungulira akandike, palibe kanthu. Kagalasi kakakandika kapena kuchita chifunga mkati, imeneyo si nkhani ya maonekedwenso. Komabe dzifunseni kuti mimba ya droni yosauluka ingakandike bwanji. Yang'anani kunsi kwa timiyendo toterera ngati kuli kotha kapena kuli fumbi lofiira, ndipo yang'anani mitu ya masikuluwu ngati ili yodyeka. Droni yosatsegulidwa mitu yake imakhala yakuthwa m'mbali ndi yofanana yonse.

Pulopela yobenthukayo musaulutse nayo, ngakhale kubenthukako kuli kochepa ngati kambewu ka mpunga. Mapulopela amazungulira maulendo zikwizikwi pa mphindi imodzi, ndiye tsamba limodzi likapepuka pang'ono kuposa linzake mota imanjenjemera. Kunjenjemerako kumafika ku kamera, vidiyo n'kumaoneka ngati mukuonera kudzera m'madzi ogwedezeka, komanso kumadya ma bearing, tizitsulo tothandiza motayo kuzungulira mofewa. M'bokosi mumabwera mapulopela apadera, masikuluwu atsopano ndi kasikuludiraiva. Pa ma Mini ambiri, mota iliyonse imakhala ndi masamba awiri, lililonse ndi sikuluwu yake. Sinthani onse awiri, ochokera m'kapepala kamodzi, ndipo gwiritsani masikuluwu atsopanowo chifukwa amabwera atapakidwa mankhwala oletsa kumasuka. Mapulopela ali mitundu iwiri, okhala ndi chizindikiro ndi opanda, popeza mamota awiri amazungulira kumanja ndipo awiri kumanzere. Okhala ndi chizindikiro amapita pa mwendo wokhala ndi chizindikiro. Mukasokoneza, droni imagubuduka pomwepo ponyamuka. Mangani mpaka sikuluwu ikhale pansi, osaikakamiza. Tsamba liyenera kupindika ndi chala mosavuta. Kupala pobenthukapo ndi sandipepala kuti pasalale n'kungowonjezera vutolo, chifukwa mukupepuzanso tsamba lomwe lapepuka kale.

Mpata wa pakati pa zivindikiro uyezeni. Pepala wamba limakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, ndipo khadi ya ATM ndi mamilimita 0.76. Ngati mukulowa pepala lokha, ndi mmene zigoba zambiri zimakhalira. Dinikizani pang'onopang'ono ndi zala ziwiri. Nthawi zina kadzino kogwirira chivindikiro kamakhala kuti sikanalowe bwino, ndipo mumamva kuti thi, mpata n'kutsekeka. Ngati khadi ikulowa ndipo mukadinikiza mpata ukubwereranso, kadzinoko kanathyoka, kapena pali waya wapanikizika, kapena wina anatsegulapo. Ine ndingaibweze yotereyo, makamaka kwa munthu wogwira ntchito kunyanja. Mchenga wa m'mphepete mwa nyanja ku Salima uli ndi timiyala takuda tachitsulo, ndipo m'mamota muli maginito amene amatikoka. Onjezerani chinyezi cha m'mawa kugombe ndi fumbi la mwera, muona kuti mpata umene ku Lilongwe ukanangokhala chonyansa m'maso kuno ndi khomo lotseguka. Musamasule masikuluwu kuti muone mkati. Mukatero waranti mwaitaya nokha.

Tsopano kabanga koyera. Choyamba pukutani ndi kansalu kofewa konyowetsa pang'ono. Kakachoka, anali mafuta a popindikira kapena fumbi la m'bokosi, nkhani yatha. Kakakhala, ndiye kuti pulasitiki yemweyo wasintha mtundu. Aliyense amene anapindapo chigubu kapena chivindikiro cha ndowa amadziwa kuti popindikapo pamayera. Kuyerako ndi timing'alu tambirimbiri tosaoneka ndi maso, ndipo kumasonyeza kuti pamalopo panagwa mphamvu yoposa imene pulasitiki amapirira. Pa droni yatsopano zimenezi zimachokera ku kugwa kwa bokosi panjira, kupanikizidwa ndi katundu wina, kapena munthu amene anatambasula miyendo mokakamiza mosatsata dongosolo lake. Popindikira mwendo ndi pamene pamasenza mphamvu yonse ya mota. Nthawi iliyonse droni ikaima mwadzidzidzi kapena ikalimbana ndi mphepo, malo amenewo amapindika pang'ono. Ma Mini ambiri anawapanga kuti apirire mphepo yofika mamita 10.7 pa sekondi, ndipo mwera wa pakati pa Meyi ndi Ogasiti umatha kuwafikitsa pamalire amenewo kugombe. Mwendo wofooka umathyoka droni ili m'mwamba, ndipo droni ya mamota anayi ikataya imodzi imagwa ngati mwala.

Kayezedwe kake ndi aka. Tambasulani miyendo yonse, muike droni pa tebulo losalala, mugwade kuti maso anu alingane ndi tebulolo. Mamota awiri akutsogolo ayenera kukhala pa msinkhu umodzi ndi kupendama mofanana, chimodzimodzinso awiri akumbuyo. Gwirani nsonga ya mwendo wokayikitsawo, muukankhe pang'ono m'mwamba ndi pansi, kenako muchite chimodzimodzi ndi unzake wa mbali inayo. Kugwedera pang'ono kumakhalapo pa miyendo yopinda, koma kuyenera kufanana mbali zonse. Ngati wina ukulobodoka kuposa unzake, ukulira kuti tsetse, kapena kabangako kakukula mukamakankha, pakirani droniyo m'bokosi. Apa musalole kutsitsiridwa mtengo. Zungulitsaninso mota iliyonse ndi chala. Mumva timadumphadumpha tofanana ta maginito. Kukwecha kapena kulimba pamalo amodzi kumasonyeza kuti mota inagunda penapake.

Simunatchule za kamera ndi batire, koma ndi kumene chilema chaching'ono chimadula kwambiri. Chotsani chotchingira gimbal, kachipangizo kogwirizira kamera kuti isagwedezeke, muone ngati timalabala tonyamula kamera tili m'malo mwake ndipo palibe kong'ambika. Yatsani droni payokha, popanda foni. Kamera iyenera kudzizungulitsa mofewa n'kuima mowongoka, osanjenjemera. Galasi lake liunikeni ndi tochi cham'mbali. Fumbi lipemerereni kaye ndi kapampu musanapukute, chifukwa kupukuta galasi lili ndi mchenga ndiko kumalikanda. Batire liikeni pa tebulo. Likamagwedera ngati mpando wa mwendo waufupi, latupa. Lotupa, lobonyoka kapena long'aluka musalitchaje n'komwe, ndipo musagone nalo m'chipinda.

Zonsezi zikakhala bwino, lumikizani ku DJI Fly. Ikapanda kupempha activation, kapena ikanena kuti droni ndi yomangidwa ku akaunti ya munthu wina, mwagulitsidwa yogwiritsidwa kale ntchito, ndipo zokanda zija zapeza mwini wake. Onaninso pa tsamba la batire chiwerengero cha maulendo amene latchajidwa. Latsopano siliyenera kusonyeza makumi.

Kuulutsa koyamba kusakhale pamadzi kapena pamchenga. Maso a pansi aja amasokonezeka ndi madzi onyezimira. Pezani bwalo la mpira m'mawa mphepo isanadzuke, kutali ndi madenga a malata ndi mawaya a magetsi, komanso kutali ndi malo a asilikali, amene ku Salima ndi ku Senga Bay alipo. Nyamukirani pa katoni kapena pa mphasa. Dikirani kuti home point, malo amene droni imabwererapo yokha, ilembedwe, muikweze mamita awiri, muisiye iime mphindi zitatu mukujambula vidiyo. Mvetserani ngati kulira kwake kuli kumodzi. Mukatera gwirani mamota onse anayi. Afunde mofanana, ndipo imodzi ikatentha kuposa inzake pali chimene chikuivuta. Jambulaninso thambo lopanda mitambo ndi khoma loyera, muonere pa kompyuta. Banga lokhala pamalo amodzi pa zithunzi zonse, ngakhale mutapukuta galasi, lili mkati mwa kamera ndipo si lanu kukonza.

Kunena za kubweza, tisanamizane. Waranti ya opanga imayang'ana zolakwika za kagwiridwe ka ntchito, ndipo mapulopela salowamo. Komanso ya DJI imagwira m'dera limene droni inagulidwa, ndiye yogulidwa ku Dubai kapena ku China singakonzedwe mwaulere kulikonse kumene mwafuna. Amene muli naye pafupi ndi wogulitsa wanuyo. Mawu oti katundu wogulidwa sabwezedwa samuchotsera udindo pa katundu wowonongeka, ndipo akakanika mukhoza kukadandaula ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loteteza ogula, mutanyamula lisiti, umboni wa malipiro ndi zithunzi zija. Koma ngati chatsala ndi kamzere ka pamsana ndi kukandika kwa kumimba, kubweza n'kudzilanga. Mudikira masabata, mabatire amavuta kutumiza pa ndege, ndipo nyengo ya maukwati ikudutsani. Bwino mupemphe mapulopela ena, kapena akuchotsereniko pa mtengo, ndipo alembe pa WhatsApp kuti zilemazo anaziona droni isanauluke. Uthenga umenewo udzakuthandizaninso tsiku lodzaigulitsa.

Ngati zokandazo zikukupwetekanibe m'maso, samalani ndi mankhwala a kunyumba. Thina, petulo ndi mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo zimasungunula pulasitiki. Supaguluu amatulutsa mpweya umene umasiya chifunga choyera pa magalasi apafupi, ndipo pa mwendo wong'aluka amangobisa mng'alu osaulimbitsa. Penti amalemeretsa droni imene anaipanga dala kuti isafike magalamu 250. Chokwanira ndi kasitika kopyapyala ka pulasitiki, kopanda zonyezimira zachitsulo popeza pamsanapo m'pamene pali GPS, ndipo kasatseke mabowo opumira. Ndi kutentha kwa Salima mu Okutobala, droni imafuna bowo lililonse. Sankhani mtundu wowala ngati olenji ndipo mulembepo nambala yanu ya foni, chifukwa droni yotuwa ikatera mwangozi m'munda wa mpunga kapena m'mabango imasowa muli pomwepo.