Kodi mabuku a dziko lankhanza akuphunzitsa ana kudzikonda?

Mayi wina amene amaphunzitsa achinyamata wanditumizira imelo yofunsa motere: "Ndawerenga mabuku angapo opeka onena za dziko lamtsogolo, momwe boma limalamula chilichonse m'dzina la anthu onse, kenako munthu mmodzi n'kugalukira. Kodi sakuphunzitsa ana kudzikonda? Paja mutu umodzi susenza denga."

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka. Koma taonani bwino amene amapasula ubale m'mabukumo. Nthawi zambiri si wogalukirayo ayi, ndi boma lomwe lija lofuula za umodzi.

Yevgeny Zamyatin wa ku Russia adalemba buku lake lotchedwa We cha m'ma 1920 ndi 1921. Kwawo adalikana, lidayamba kutuluka m'Chingelezi ku New York mu 1924, ndipo ku Soviet Union, dziko lomwe Russia inali mbali yake, adalisindikiza mu 1988. M'bukumo anthu alibe mayina, ali ndi manambala. Amakhala m'nyumba zagalasi kuti pasakhale chobisika, amadzuka ndi kudya pa nthawi imodzi. D-503 ndi injiniya wokhulupirika, ndipo chimene chimamutsegula maso si kukhala payekha, koma kukonda mkazi wotchedwa I-330. Akapita kwa dokotala amauzidwa kuti wadwala, wayamba kukhala ndi mzimu. Kumapeto amamuchita opaleshoni ya muubongo, amaulula anzake onse, n'kumaonerera mkaziyo akuzunzidwa mtima uli zii. Wachiratu ameneyo, malinga ndi boma.

George Orwell, m'buku lotchedwa 1984 lomwe lidatuluka mu 1949, adafika nazo patali. Winston Smith amayamba ndi kulemba maganizo ake mobisa m'kabuku, kenako n'kukondana ndi Julia. Chipani cholamula chikawagwira sichikhutira ndi kuvomera mlandu. Chimaopseza Winston ndi makoswe mpaka iye mwini kupempha kuti chilangocho achipereke kwa Julia. Mnansi wake Parsons, wokonda chipani ndi mtima wonse, amaperekedwa ndi mwana wake wamkazi, amene akuti adamumva akubwebweta kutulo. Dziko lomwe mwana amakhala kazitape wa bambo ake mungalitche logwirizana? Komanso Orwell sanali mdani wa zochitira limodzi. Anali wa sosholizimu, ganizo loti chuma cha dziko chizikhala cha anthu onse, ndipo adakamenya nawo nkhondo ku Spain kumbali ya otsutsana ndi mkulu wa asilikali Franco mpaka kuwomberedwa pakhosi mu 1937. Chomwe ankadana nacho ndi ulamuliro wofuna kulowa mpaka m'mutu mwa munthu.

Pamene mukulondola ndi pa Ayn Rand. Iye adachoka ku Soviet Union mu 1926, ndipo kabuku kake ka Anthem kadatuluka mu 1938. Equality 7-2521, wosesa m'misewu, amatulukiranso magetsi m'ngalande yakale, n'kupita nayo nyaleyo kwa akuluakulu a maphunziro. Iwo amaikana chifukwa waipanga yekha, komanso isokoneza ntchito ya opanga makandulo. Gawo limenelo ndimalikonda, ndi loseketsa komanso loona. Koma akathawira kumapiri bukulo limasanduka ulaliki woti munthu alibe ngongole kwa aliyense, ndipo mkazi amene adamutsatira amangokhala womvera, mpaka dzina amamusankhira ndi mwamunayo. Ufulu wake uti umenewo? Kwa ine Rand adaona bwino matenda koma mankhwala adalakwitsa.

Ndiye m'kalasi mwanu musawabise mabukuwa. Apatseni ana Zamyatin kapena Orwell pamodzi ndi Rand, ndipo muwafunse kuti m'nkhani iliyonse ndani akunena kuti akulankhulira anthu onse, adamusankha ndani, ndipo chimachitika n'chiyani kwa amene wakana. Ngati ndi ocheperako msinkhu, yambani ndi The Giver ya Lois Lowry ya 1993, momwe mnyamata Jonas amathawa atanyamula khanda lomwe akuluakulu adakonza zoti liphedwe.